Ukapita ku Damyang, mdzukulu, ukawerenge zaka za mitengo

Mdzukulu wanga, amayi ako andiuza kuti mayeso akatha iwe ndi anzako a kusukulu mwapangana zotuluka mu Gwangju tsiku limodzi kukaona nsungwi ku Damyang. Ine ndavomereza. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo munthu sangapite kutali konseko ku Korea n'kumangodziwa njira ya kukalasi, ya kulaibulale ndi ya kuchipinda chogona. Koma mayendedwe anu achinyamata a masiku ano ndimawadziwa: kufika, kusolola foni, kujambulana, kudya, n'kubwerera, ndipo ukawafunsa chimene aona amakuonetsa nkhope zawo zomwe. Malo amenewo ndinawapondako ndikadali pantchito ya za nkhalango, mawondo asanayambe kundikana. Choncho undimvere kaye.

Ukalawirire. Damyang ili kumpoto kwa Gwangju, m'chigawo cha Jeollanam-do, ndipo basi nambala 311 imakutenga pa depoti yaikulu ya U-Square n'kukakutsitsa pafupi ndi chipata cha munda wa nsungwi wa Juknokwon ola lisanakwane. Chipatacho amatsegula 9 koloko, ndipo iwe uzikakhala uli pomwepo. Likafika pamutu dzuwa, makamaka Loweruka ndi Lamlungu, mabasi a alendo amakhala atakhuthula anthu, ndipo m'tinjira mumangomveka phokoso la anthu okhaokha. Ndalama yolowera si yoopsa, ine ndinaisiya ili ma won 3,000 kwa munthu wamkulu. Uvale nsapato zoyendera, osati zokaonetsa, chifukwa malowo ndi kaphiri ndipo tsikulo lonse n'la miyendo. Mukadzapita mu Julayi kapena Ogasiti, utenge ambulera ndi mankhwala odzola othamangitsa udzudzu, pakuti m'nsungwi mumasunga chinyontho ndipo udzudzu wa mmenemo sudziwa kuti uyu ndi mlendo. Kukanakhala kusankha kwanga ndikanati Meyi, pamene mphukira zikutumphuka m'nthaka, kapena Novembala, pamene mitengo ya kumsewu wa metasequoia yafiira. Koma nyengo isakuletse. Chimene ndikufuna ukaone chimaoneka mwezi uliwonse.

Chimenecho ndi ichi. Pamtunda woyenda wapansi, osakwera kanthu, pali mitengo ya mibadwo itatu. Pali ya m'mbali mwa mtsinje, imene inayamba kubzalidwa m'chaka cha 1648. Pali ya m'mbali mwa msewu, ya mu 1972. Ndiye pali munda wa nsungwi umene unatsegulidwa mu 2003. Anzako adzaona zonsezi ngati malo okongola amene anangopezeka choncho. Iwe ukaziyang'ane monga ntchito ya manja a anthu, uzikadzifunsa paliponse kuti anabzala ndani, anasamala ndani, nanga n'chifukwa chiyani nkhwangwa sinafikepo.

Juknokwon ndi malo a mahekitala pafupifupi 31 pa kaphiri kotchedwa Seonginsan, pafupi ndi sukulu yakale ya ziphunzitso za Confucius. Boma laling'ono la Damyang ndilo linaukonza, linalambula tinjira 8 timene tonse pamodzi timangopitirira pang'ono makilomita 2. Ukangolowa, choyamba kumva ndi kuzizira. Dzuwa limafika pansi losefedwa, mphepo imadutsa pamwamba, ndipo nsungwi zimagundana n'kumalira gogogo ngakhale pansi pali bata. Tinjira timeneti anatipatsa maina okopa, ka mwayi, ka chikondi chosasintha, ka anthu oganiza mozama, ndipo mwina muli mnzako wina amene adzafune kuti muyende ka chikondi kaja. Zimenezo n'zanu, ine sindilowererapo. Mudzapezanso zidole za nyama ija ya panda, anthu ali pamzere kujambulitsa nazo, chonsecho m'nkhalango za ku Korea mulibe panda. Zidutse. Kumbuyo kwa phiri anamanga nyumba zofanizira zitando zakale zimene akatswiri a ndakatulo a m'deralo ankakhalamo, ndipo kumeneko n'kwabwino kupumulako chifukwa ambiri safikako.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Upatuke pang'ono pamene pali benchi, ukhale pansi, uyang'ane nsungwi imodzi kuyambira pansi. Nsungwi si mtengo, ndi mtundu wa udzu. Mphukira ikatuluka m'nthaka imatuluka ndi kunenepa kwake konse, ndipo mfundo zake zonse zimakhala zili kale m'katimo, zopanikizana. Kenaka mpata wa pakati pa mfundo iliyonse umatalika nthawi imodzi, n'chifukwa chake mitundu ina, masiku amene yafika pachimake, imatha kukula pafupifupi mita imodzi pa tsiku. Pakatha miyezi iwiri yafika msinkhu wake wonse, ndipo kuchokera pamenepo sitalikanso, sinenepanso. Zaka zotsatira imangokhwima. Ukaona nsungwi yowonda pafupi ndi yonenepa usati yowondayo ndi mwana. Mwina ndiyo yakale, inangotuluka chaka chimene mizu inali ndi njala. Zaka zake zimaoneka ndi khungu: yachaka chino imakhala yobiriwira kwambiri, ili ndi kaufa koyera pansi pa mfundo, pamene yazaka zingapo imatuwa n'kuyamba kupita kuchikasu.

Nsungwi za kumeneko n'zosiyana ndi zathu. Zathu za kuno, zimene timalukira malichero, madengu, mono ndi nkhokwe, zimamera chitsa chimodzi, zothithikana, ndipo zambiri m'kati mwake mphako ndi yaing'ono. Za ku Damyang zimayenda pansi pa nthaka. Muzu umatha kuyenda mamita angapo n'kukatulutsa mphukira patali, moti nsungwi zambirimbiri zimene udzazione zitaima payokhapayokha n'zolumikizana pansi, zikudyera mbale imodzi. Tsono apa ndi pamene pali nkhani. Munda wotere ukausiya osaudula umadzipha wokha. Zakale zimauma zili chiimire, zimagwerana, kuwala sikufika pansi, mphukira zimatuluka zochepa ndi zowonda. Mlimi wa nsungwi amalowamo nyengo yozizira, madzi atachepa m'thupi mwa nsungwi kuti isafumbwe, n'kudula zimene zakwana zaka 3 mpaka 5, n'kusiya zazing'ono. N'chimodzimodzi kupatulira chimanga pa phando: ukazimvera chisoni zonse, sukolola kanthu. Ukayang'ane pansi m'mbali mwa njira, udzaona zitsa zodulidwa bwinobwino mogundiza nthaka. Kukongola kumene anthu amalipirira pachipata kunachokera ku macheka amenewo. Achinyamata ambiri ophunzira amaganiza kuti kusamala nkhalango n'kuletsa kudula basi. Wosamala weniweni amadziwa chodula, nthawi yodulira, ndi chosiya.

Pali chinthu chimodzi chonyansa chimene udzachione, ndipo ndikukupempha usachite nawo. Anthu amalemba maina awo pa nsungwi ndi makiyi kapena timipeni, dzina la mnyamata, dzina la mtsikana, kamtima pakati. Mtengo ukautema khungwa umayesetsa kutseka bala chaka ndi chaka. Nsungwi ilibe mphamvu imeneyo. Chimene walembapo chimakhala pomwepo, chikuda, mpaka nsungwiyo idzadulidwe. Zikwangwani zoletsa zilipo, koma anthu amalembabe. Iweyo ndiwe mlendo wooneka patali, ndipo ukachita kanthu kopusa sadzati mwana wa uje, adzati anthu a ku Africa. Mnzako akasolola kiyi, umugwire dzanja.

Mwina ungadabwe kuti boma linalowa bwanji m'ntchito yokonza munda woti anthu azingoyendamo. Yankho lili kumsika. Kwa zaka pafupifupi 300 Damyang inkadziwika m'dziko lonse la Korea ndi msika wa zinthu za nsungwi, umene unkachitika m'mbali mwa mtsinje kamodzi pa masiku 5 alionse. Anthu ankabwera usiku atasenza madengu, zipewa, mphasa, zikupizo, zipeso za mano osalala kwambiri, ndi mabokosi olukidwa ndi timizere ta nsungwi tonika utoto, amene amawatcha chaesang. Banja lokhala ndi munda wa nsungwi linkaphunzitsa ana popanda kugwada kwa munthu. Midzi inali ndi tsiku lake, la 13 la mwezi wachisanu pa kalendala yawo yowerengera mwezi, limene anthu ankabzala nsungwi pamodzi kenaka n'kumwa, mpaka mwambowo unazimirira m'nthawi ya ulamuliro wa Japan. Kenaka kunabwera pulasitiki. Beseni la pulasitiki silifumbwa, silitenga sabata kuluka, ndipo n'lotsika mtengo. Pambuyo pake kunabwera madengu otchipa ochokera ku China ndi maiko ena a kumwera. Msika unafota, oluka anakalamba opanda owalowa m'malo, ndipo minda yambiri inasiyidwa kapena kuzulidwa.

Apa anthu a ku Damyang anachita mwanzeru. Anaona kuti dengu silikugulidwanso, koma munthu wa mumzinda wotopa ndi simenti angathe kulipira kuti ayende mumthunzi. Anagulitsa mthunziwo. Anayambiranso chikondwerero cha nsungwi chimene chimachitika mu Meyi, anamanga nyumba yosungiramo mbiri ya nsungwi, mu 2015 anachititsa chionetsero cha nsungwi cha maiko ambiri, ndipo mu 2020 bungwe la FAO linaika ulimi wa nsungwi wa ku Damyang m'gulu la njira za ulimi zofunika kusungidwa padziko lonse. M'minda ina amabzala tiyi pansi pa nsungwi, amene amakula mumthunzi ndi mame odontha kuchokera m'masamba. Sindikunama, ine pamtima panga ndimalira oluka aja kuposa momwe ndimakondwera ndi ogulitsa ayisikilimu wa masamba a nsungwi. Koma munda umene ukubweretsa ndalama suzulidwa, ndipo zimenezo ndinaziona ndi kwathu komwe. Ukapeza kanthu kolukidwa ndi manja, ufunse ngati kalukidwa ku Damyang konko, ndipo ngati thumba likulola ugule, ngakhale kakhale kakang'ono.

Ukatuluka pachipata n'kuwoloka mlatho, njala idzakhala itayamba. Ngati ndalama ilipo, dyani daetongbap, mpunga wophikidwa m'chibanthu cha nsungwi. Amathira mpunga, nyemba ndi zipatso zouma m'nsungwi yaiwisi, n'kutseka pamwamba ndi pepala lawo lachikale, n'kuufutsa ndi nthunzi, ndipo mpungawo umatenga kafungo ka nsungwi. Nthawi zambiri umabwera ndi tteokgalbi, nyama ya m'nthiti yosinjidwa, youmbidwa n'kuwotchedwa pa makala, komanso ndiwo za mphukira za nsungwi. Chibanthucho sachigwiritsanso ntchito kawiri, ndiye ukapempha amakulola kutenga. Koma thumba la mwana wasukulu ndimalidziwa. M'mbali mwa mtsinje momwemo muli mzere wa timalesitilanti togulitsa guksu, zakudya zazitali zija zaufa watirigu mumsuzi wa tinsomba touma, ndi mazira owiritsa pambali. N'zotsika mtengo, zimakhutitsa, ndipo mumadyera panja pansi pa mitengo. Usachite manyazi kudya zotchipa, ndipo usakongole ndalama pofuna kufanana ndi anzako. Ukakwera pa thandala lamatabwa limene amakhalapo podya, uvule nsapato. Wamkulu akakupatsa kanthu ulandire ndi manja awiri, zimene amayi ako anakuphunzitsa kale, ndipo kumeneko n'chimodzimodzi. Usayambe kudya wamkulu asanayambe, ndipo timitengo todyera usatizike chiimire mumpunga, chifukwa zimenezo amachitira akufa.

Mukatha kudya ambiri adzati tikwere takisi tipite kumsewu wa mitengo. Ukane. Muyende wapansi potsata mtsinje, chifukwa pakatipo ndi pamene pali chinthu chimene ine ndimachilemekeza koposa zonse za tsikulo, ndipo alendo ambiri amachidutsa akuyang'ana foni. Dzina lake ndi Gwanbangjerim. Ndi mtumbira waukulu wotchinga madzi, wautali pafupifupi makilomita 2, ndipo pamwamba pake pali mitengo yakalekale, ina yoti anthu atatu agwirane manja kuti aizungulire. Mtsinjewu, umene ndi kumtunda kwa mtsinje wa Yeongsan, unkasefukira nthawi ya mvula n'kukokolola nyumba za anthu. Mu 1648 bwanamkubwa wa deralo, Seong I-seong, anamangitsa mtumbirawo n'kuyamba kubzalapo mitengo kuti mizu igwire dothi. Patapita zaka zoposa 200, mu 1854, bwanamkubwa wina, Hwang Jong-rim, anaukonzanso n'kuukulitsa, ndipo mbiri imati ntchitoyo, powerengera munthu aliyense pa tsiku lililonse limene anagwira, inakwana anthu 30,000. Mu 1991 boma la Korea linaika nkhalangoyi m'kaundula wa zachilengedwe zotetezedwa, pa nambala 366.

Ukayang'anitsitse mitengoyo. Uliwonse wakale uli ndi kachikwangwani ka nambala yake. Ina ili ndi mphako zimene anazitseka kuti madzi asalowe, ina nthambi zake zolemera anazichirikiza ndi zitsulo. Ndiye kuti pali munthu amene ntchito yake n'kudziwa kuti mtengo nambala wakutiwakuti chaka chino ukudwala. Pansi pake udzapeza nkhalamba zinzanga zitakhala pa mabenchi, zikucheza, zina zikuwodzera. Uziwerama pang'ono podutsa. Kenaka uganize za utali wa nthawi. Pakati pa 1648 ndi lero padutsa mafumu, padutsa ulamuliro wa Japan kuyambira 1910 mpaka 1945, padutsa nkhondo ya 1950 mpaka 1953, padutsa zaka za njala ndi chisanu choopsa pamene nkhuni zinali moyo. M'zaka zonsezo panali anthu ozizidwa okhala ndi nkhwangwa m'nyumba, koma mitengo ya pamtumbira anaisiya. Ankadziwa kuti ikagwa, madzi alowa m'mudzi. Aliyense ankaona ndi maso ake ntchito imene mtengowo ukumugwirira. Iwe ndi wa m'dziko limene mu 2023 namondwe Freddy anatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira anthu ku Chilobwe. Sindikufunika kukuuza zambiri.

Kumapeto kwa mtumbira udzaona mizere iwiri ya mitengo yoongoka ngati yoyezedwa ndi chingwe. Umenewo ndiwo msewu wa metasequoia. Mtengowu uli ndi mbiri yodabwitsa. Mu 1941 katswiri wa ku Japan, Shigeru Miki, anaupatsa dzina atangoona zizindikiro za masamba ndi zibalobalo zake zodindika m'miyala yakale, ndipo aliyense ankati unatha padziko zaka mamiliyoni zapitazo. M'zaka zomwezo, nkhondo ili m'kati, akatswiri a za nkhalango a ku China anapeza mtengo wachilendo uli moyo m'mudzi wa Modaoxi, dera limene lero lili m'chigawo cha Hubei. Anthu a m'mudzimo ankaudziwa kalekale, anali atamanga kachisi kakang'ono patsinde pake. Mu 1948 Hu Xiansu ndi Zheng Wanjun analengeza kuti ndi womwe uja wa m'miyala, ndipo chaka chomwecho munda wa mitengo wa Arnold Arboretum wa ku yunivesite ya Harvard unagawa njere zake kumaiko ambiri. Ndi wa banja la mitengo ya masamba ngati singano, koma mosiyana ndi paini umene umaudziwa wa ku Chikangawa ndi ku Zomba, uwu umayoyola masamba. Mu Epulo umaphuka mobiriwira mofewa, mu Novembala umafiira ngati njerwa yowotcha, nyengo yachisanu umaima mbulanda.

Ku Damyang anaubzala mu 1972, pamene boma linasankha msewu waukulu nambala 24, wopita ku Sunchang, kuti ukhale chitsanzo cha kubzala mitengo m'mbali mwa misewu. Anabzala timitengo pafupifupi 1,300, pamtunda wa makilomita 5, ndipo pambuyo pake anapitiriza m'misewu ina. Lero yapitirira mamita 20, nthambi zakumana pamwamba. Koma chaka chimene ndikufuna uchisunge ndi 2000. Magalimoto anali atachuluka, boma linaganiza zokulitsa msewu, ndipo mapulani anaonetsa kuti mitengo igwe. Anthu wamba a ku Damyang anakana. Anapanga gulu, anasonkhanitsa masiginecha, anakakamira mpaka njira ya msewu watsopano inasinthidwa ndipo mitengo yambiri inapulumuka. Patangopita zaka ziwiri, mu 2002, msewu womwewo unapambana pa mpikisano wa nkhalango zokongola za m'dzikolo, ndipo mu 2006 unduna woona za misewu unauika pakati pa misewu 100 yokongola ya ku Korea. Opanga mafilimu anayamba kubwera. Filimu ya mu 2007 yonena za kuphedwa kwa anthu ku Gwangju mu Meyi 1980 imayambira pamsewu womwewu, ndipo iwe wokhala mu Gwangju uyenera kuidziwa nkhani imeneyo. Kenaka chigawo cha makilomita pafupifupi 2 anachitseka kwa magalimoto, anakanganula phula lonse kuti mizu ipume, n'kubwezeretsa dothi. Pamenepo pali kachipata kolipiritsa, ndipo ena mwa eni dziko anadandaula kuti bwanji tizilipira poyenda pamsewu umene unali waulere. Dandaulo lawo ndimalimva, koma iwe ndiwe mlendo, lipira. Pafupi pomwepo pali kamudzi ka masitolo komangidwa motsanzira nyumba za ku France. Mukatopa mukamweko khofi, koma musatayeko dzuwa.

Ukamayenda pakati pa mitengo imeneyo ukumbukire kuti mu 2021 mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa msewu wa Kenyatta ku Lilongwe inagwetsedwa kuti msewu ukule. Anthu anadandaula, koma ambiri anadandaula macheka atalira kale. Msewu unkafunika, sindikutsutsa. Kusiyana kwake n'kwakuti a ku Damyang anaona mapulani nthawi ikadalipo ndipo anafunsa ngati msewu sungadutse pambali. Inu amene mukuphunzira za uinjiniya ndi za mapulani ndinu amene mudzakhale ndi pensulo m'manja.

Pobwerera pabasi ukhale kuwindo uyang'ane mapiri. Onse ndi obiriwira mpaka pansonga, ndipo pafupifupi magawo 63 pa 100 alionse a dziko la South Korea ndi nkhalango. Agogo a anzako a m'kalasi anakula mapiri amenewo ali ofiira, opanda mtengo. Anametedwa m'nthawi ya atsamunda, anapsa m'nkhondo, ndipo otsala anathera m'ng'anjo zotenthetsera pansi pa nyumba nyengo yachisanu. Mitengo ankabzala chaka chilichonse, tsiku la 5 Epulo linali kale tsiku lobzala mitengo, koma mbande zinkafa kapena kuzulidwa. Zinthu zinatembenuka kuyambira mu 1973, pansi pa Pulezidenti Park Chung-hee, pamene anakhazikitsa pulani ya zaka 10 n'kuimaliza m'zaka 6, atabzala mahekitala opitirira 1 miliyoni. Zinthu ziwiri ndizo zinathandiza koposa. Choyamba, anasiya kukhutira ndi chiwerengero cha mbande zobzalidwa. Ankatumiza oyendera ochokera kudera lina kukawerenga mitengo imene yapulumuka, ndipo mkulu wa boma ankayamikiridwa kapena kudzudzulidwa malinga ndi chiwerengero chimenecho. Chachiwiri, anthu anapeza moto wina. Malasha oumbidwa, okhala ndi mabowo, otchedwa yeontan, analowa m'malo mwa nkhuni m'mizinda kenaka m'midzi, ndipo pambuyo pake kunabwera mafuta ndi gasi. Mayi akakhala ndi chophikira china, sakwera phiri ndi nkhwangwa.

Usatengeke n'kuyamba kutamanda zonse. Park anali wolamulira ndi dzanja lachitsulo. Mabanja ambirimbiri amene ankalima m'mapiri potentha tchire anasamutsidwa, ena mosafuna. Utsi wa malasha aja unapha anthu ambiri ali m'tulo m'nyumba zawo. Zimenezo si zotengera. Koma kuwerenga mitengo yamoyo n'kotengera, ndipo sikufuna ndalama zambiri. Kuno kwathu nyengo yobzala mitengo imatsegulidwa chaka chilichonse mu Disembala, akuluakulu amabzala kamtengo atavala suti, amathirira, manyuzipepala amalemba mamiliyoni a mbande. Pofika Okutobala, moto wolusa ndi mbuzi zitadutsa, ndi ochepa amabwerera kukaona. Ntchito yeniyeni ndi yosajambulidwa: kupalira, kupakiza pamene pafa, kulambula njira zotchinga moto, kutchingira ziweto, zaka zitatu zotsatizana. Ndipo malinga ngati mabanja oposa 9 mwa 10 alionse akuphikira nkhuni ndi makala, ngakhale titaika asilikali ku Dzalanyama, matumba a makala adzalowabe mu Lilongwe usiku panjinga. Wowotcha makala si mfiti, ndi bambo wofuna chakudya cha ana, ndipo womugula ndi ife tomwe.

Ndiye pali zimene usachite. Usatole njere za metasequoia kapena kukumba muzu wa nsungwi kuti ubwere nazo kuno. Malamulo a zomera salola kuwolotsa zinthu zotere popanda chilolezo, ndiponso mtengowo umafuna chisanu ndi dothi lonyowa, kumudzi kwathu ungangovutika. Nsungwi zoyenda pansi zija zikalowa m'munda wa mnansi zimadzetsa milandu. Nsungwi zathu zilipo, ndipo masiku ano alimi ena akubzala zikuluzikulu zimene zimapereka milimo, nkhuni ndi makala chaka ndi chaka chitsa chili chomwecho. Mbawa ilipo, msangu ulipo, mtangatanga ulipo. Sitikusowa mbewu.

Chimene ndikufuna ubwere nacho ndi mayankho. Utenge mnzako wodziwa bwino Chikoreya, ndipo ukaona wantchito m'munda wa nsungwi kapena pamtumbira paja, umupatse moni mwaulemu, umufunse. Amadula mwezi uti? Pa nsungwi 10 amachotsapo zingati? Zodulazo zimapita kuti, amagula ndani? Ndalama ya pachipata imafika bwanji kwa osamala mitengo? Safunsa anadya phula. Ulembe m'kabuku, osadalira mutu. Zithunzi ujambule ndithu, amayi ako akuzifuna, koma pakati pa zithunzi za nkhope yako pakhale china cha chitsa chodulidwa ndi china cha kachikwangwani ka nambala pamtengo wakale.

Musachedwe mpaka mdima, ndipo ufunsiretu nthawi ya basi yomaliza mukangofika m'mawa. Muyende pamodzi, mubwerere pamodzi, wina asatsale. Ukafika kuchipinda uwaimbire amayi ako, kenaka undilembere zimene wantchito uja wakuyankha.